Zitsekerero Ziwiri Zofiira M'chipewa cha Malume

Msuweni wanga anakhoza mayeso a sitandade 8, koma sanasankhidwe. Aliyense amene anadutsa m'sukulu zathuzi akudziwa mmene mawu amenewa amalumira. Kulephera n'kwabwinoko, umadziwa kuti wagwa, umadzuka n'kusasa fumbi. Koma kukhoza osasankhidwa kupita ku sekondale kuli ngati kudikira pa siteji m'mamawa, minibasi n'kuima, kondakitala n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kutseka chitseko.

Ine ndimakhala kwa malume ku Bangwe kuchokera pamene ndinayamba fomu 1. Mayi anga ali kumudzi ku Chiradzulu. Malume ndi kalaliki pa kampani ina ku Limbe, komanso ndi mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mwana ali naye mmodzi yekha, ndiye msuweni wangayo, mnyamata wozizira ngati madzi a mumtsuko. Poti ndi chisuweni, ndimamutchula kuti "amunanga", iye n'kumatupa, ine n'kumakondwa.

Mbiri yanga pakhomopo inali itada kale. Ndine amene ndinamanga pamodzi nsonga za zitenje za amayi a kwaya ali pa benchi, moti ataimirira kuti aimbe anakokana ngati mbuzi za pa chingwe chimodzi. Ndinenso amene ndinaika kulira kwa bakha pa foni ya anti, akazi awo a malume, n'kuwaimbira ali pakati pa msonkhano wa amayi. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zimene ndinachita tsiku lija sizinali zangozi. Linali luso.

Malume ali ndi mawu awo amodzi: "Zinalembedwa." Mvula ikagwetsa mpanda, zinalembedwa. Magetsi akazima nyemba zisanapse, zinalembedwa. Samanena mwaulesi ayi. Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu anakonzeratu zonse dziko lisanakhale, ndi kuti anthu ake anawasankhiratu. Ndiye mwana wawo atabwerako kusukulu kumene anakamva zotsatira, maso ali psuu, malume anamugwira paphewa n'kunena mawu omwewo. Ndikudziwa kuti ankafuna kumutonthoza. Tsoka lake, Lamulungu lotsatira inali nthawi yawo yolalikira, ndipo ulaliki anali ataukonza kalekale: za osankhidwa ndi osasankhidwa. Mawu akuti "osasankhidwa" anawabwereza mpaka malata a denga anawaloweza. Ine ndinali ku mbali ya azimayi, ndikuyang'ana khosi la msuweni wanga likupindika pang'onopang'ono mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

Kuyambira pamenepo mnyamata anasintha. Anasiya kutsinzina popempherera chakudya. Kalasi ya katekisimu anaisiya. Anayamba kuswera pa siteji. Tsiku lina tikudya anangolengeza kuti dalaivala wina wamulonjeza kumulemba ntchito yoitanira anthu m'minibasi yake, ndipo ayamba Lolemba, tsiku lomwelo limene sukulu zimatsegulira.

"Palibe zimenezo," anatero malume. "Ukabwereza sitandade 8."

"Ndikabwereze chiyani, ababa?"

"Sukulu. Ukalembenso mayeso."

"Munanena nokha kuti zinalembedwa. Ndiye ine ndikalembe chiyani pamwamba pa zolembedwa kale?"

"Ine ndinkanena za chipulumutso, osati za sukulu."

"Amene sanandisankhe kuno, akandisankhiranji uko?"

Sankachita mwano. N'chimene chinandiopsa. Ankafunsa modekha ngati munthu wofunsa njira ya ku Mpingwe. Anti anadzuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka.

Anyamata a pa siteji paja ndimawadziwa, ndimawadutsa tsiku lililonse. Timabotolo ta mowa m'matumba, maso ofiira m'mawa, mawu osasa ngati achule. Msuweni wanga, munthu wopepesa nkhuku akaiponda, akanamutafuna mwezi usanathe. Ndinayesa njira zanga. Ndinamuseka, ndinamunyengerera, ndinamubisira nsapato. Iye ankangoti, "Asisi, musavutike. Sizili kwa inu kapena kwa ine." Pamenepo ndinazindikira kuti munthu uyu samvanso mawu a munthu. Ankafunika kumva kuchokera kumwamba. Ndipo kumwamba kukachedwa kuyankha, wina amayenera kuthandizako.

Lamulungu lililonse masana malume amasewera bawo pakhonde ndi aneba athu, bambo wokhoma zidebe wochokera ku Nsanje, Mkatolika wa kolona m'khosi. Anthu awiriwa akhala akukangana za Mulungu kuyambira ine ndisanabwere, ndipo palibe amene anasunthapo mnzake ngakhale pang'ono. Malume amawatchula "achimwene", iwo amawatchula malume "akulu ampingo", mawu ake akukoka ngati akuseka. Akafuna kukana chinthu mwamphamvu amabwerera ku Chisena chawo n'kunena kuti "Nkhabe!"

Lamulungu limenelo, mawa lake lili Lolemba lija, ndinakhala pa sitepe ndikusankha mpunga m'lichero. Msuweni wanga anali atatsamira chipupa chapatali, akusoka lamba wa kachikwama kamene ankati azikapita nako ku siteji. M'thumba mwa siketi yanga munali zitsekerero zitatu za mabotolo a zakumwa.

"Mukuganiza chiyani nthawi yonseyi, akulu ampingo?" anayamba aneba. "Ngati zinalembedwa kuti mundidya, takatani njerezo mutatsinzina."

"Kuganiza kwangaku kunalembedwanso, achimwene."

"Ehe! Nanga loko wamkulu uja pa chitseko chanu? Wakuba akalembedwa kuti alowe, loko achita chiyani?"

"Loko ndi udindo wanga. Zotsatira ndi za Mwini wake."

"Ndiye Mulungu wanu ndi wodabwitsa. Amaumba munthu akudziwa kuti akamutaya, kenako n'kutuma inu kuti muzikamukalipira ku shabini kuti asiye mowa. Asiyirenji? Akasiya alowa kumwamba?"

"Inu vuto lanu mumayesa kumwamba ndi ganyu," anatero malume, akugawa njere m'maenje mwamphamvu. "Ulime mizere yakutiyakuti, ulandire malipiro. Ayi. Mtengo wa mango sukhala mango chifukwa wabala. Umabala chifukwa ndi mango kale. Ntchito zabwino ndi zipatso, si muzu."

"Nkhabe! Mtengo suyankha mlandu. Munthu amayankha. Anatipatsa miyendo iwiri ndi mphambano ya njira kuti tisankhe tokha. Ukadyetsa wanjala wadyetsa ndiwe, ukaba waba ndiwe."

"Ndiye Mulungu amakhala akudikira kuti aone chimene inu wokhoma zidebe muganize mawa? Amadzidzimuka?"

Masiku ena onse apa ndi pamene amaseka n'kuitanitsa tiyi. Koma tsikulo aneba sanaseke. Analoza ndi chibwano kuchipupa kuja.

"Nanga uyo? Mawa akupita ku siteji ndi mawu anu m'kamwa. Mwamuuza chiyani?"

Dzanja la malume linaima m'malere, njere zili momo. Ndinamva wailesi ya nyumba yachitatu, ndi mwana wina akulirira chitumbuwa kumsewu. Mtsempha wa pachipumi pa malume unatupa.

"Za m'nyumba mwanga musalowerere."

"Sindikulowerera. Ndikufunsa ngati chiphunzitso chanu chingathe kuvala nsapato n'kuyenda Lolemba."

Ndinaika lichero pansi.

"Malume," ndinatero ndi mawu aulemu amene ndimasungira masiku oopsa, "bwanji tingomufunsa Mwini wakeyo? Tichite maere."

"Maula amenewo, mwanawe!" anakuwa aneba. "Pakhomo pa mkulu wa mpingo?"

Ndinkadziwa kuti anena choncho, ndiponso ndinkadziwa kuti chimene aneba akana, malume achivomera ngakhale chitakhala tsabola m'maso.

"Si maula," anatero malume msangamsanga. "Atumwi aja, pofuna munthu wolowa m'malo mwa wopereka Ambuye uja, sanachite maere? Palibe chimene chimagwa mwangozi." Atatha kunena ndi pamene anazindikira kumene mawu awo awafikitsa.

Msuweni wanga anali ataimirira kale. Kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo nkhope yake inali ndi moyo.

"Zikagwera ku siteji mundilola, ababa? Mulonjeze pamaso pa aneba."

"Nawenso zikagwera ku sukulu upita, osang'ung'udza?"

"Ndipita."

Anti anatulukira pakhomo, manja ali ndi sopo. "Abambo, mwana wathu mukumuika pa juga?"

Malume sanawayang'ane. "Ndalonjeza," anatero, mawu ake ngati akuchokera m'chitsime.

Ku msika wa ku Limbe kuli amuna ena amene amapusitsa anthu ndi tizitsekerero ndi kanjere. Anzanga amawadutsa mothamanga. Ine ndinkaima n'kumayang'ana zala zawo, osati pakamwa pawo, kenako n'kukayeserera pa ana a pamudzi mpaka anayamba kundithawa kuti ndine mfiti. Maphunziro amenewo ndiwo ndinawagwiritsa ntchito tsikulo.

Ndinatulutsa zitsekerero ziwiri n'kuzionetsa kwa onse. "Chofiira ndi sukulu. Chobiriwira ndi siteji." Chachitatu, chofiiranso, chinali chitabisala pakati pa zala zanga. Ndinapempha chipewa cha malume, n'kuchikweza m'mwamba, n'kuponyamo ziwiri zofiira, aliyense n'kumva kuti ngwe, ngwe. Chobiriwira chinatsala m'chikhatho. Ndinagunda bawo ndi bondo mwadala, njere imodzi n'kugwa, ndipo powerama kuti nditole ndinachilowetsa pakati pa phazi ndi patapata. Cholakwa changa chinali chimodzi chokha: chinalowa mano ake atayang'ana kumwamba.

"Tipemphere," anatero malume.

Malume akati tipemphere, amene waika madzi pamoto akaphule kaye. Anayambira pa kulengedwa kwa dziko. Ine ndili chiimire, chitsekerero chikundiluma kuphazi ngati galu wa eni. Sindikanatha kusuntha, sindikanatha kutsimphina. Ndinatsegula diso limodzi. Aneba milomo ikugwedera, zala zili pa kolona. Anti atagwira felemu la chitseko. Ndipo malume, munthu amene sindinamuonepo akunjenjemera ngakhale pa maliro, mawu awo ankaduka pakati. Ankapempha kuti kufuna kwa Mulungu kuoneke, koma aliyense wa makutu akanamva mtundu umene ankaupempha.

Msuweni wanga anatembenuzira nkhope kumbali n'kupisa dzanja m'chipewa. Anachedwamo. Ndinamva akuzipapasa zonse ziwiri, kutenga ichi, kusiya, kutenga icho. Ndinkaopabe ngakhale ndinkadziwa yankho, chifukwa wofatsa amatha kutulutsa zonse ziwiri kuti afunse funso.

Anatulutsa chimodzi. Chofiira.

Anti anayamba nthungululu n'kuidula pakati pokumbukira kuti ndi Lamulungu. Aneba anangopukusa mutu. Msuweni wanga anachiyang'ana chitsekererocho nthawi yaitali, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

Ndinafuna kuthawa nacho chipewa, koma phazi linandichedwetsa. Malume anachilanda m'manja mwanga kuti avale, n'kusuzumiramo.

Anauma. Anakweza maso n'kundiyang'ana. Ine ndinawayang'ananso, chifukwa wakuba woyang'ana pansi ndiye amagwidwa. Tinayang'anizana choncho, ndipo kenako ndinaona chinthu chimene ndidzafotokozere adzukulu anga: mkulu wa mpingo, mdani wa bodza, anatenga chipewa chija n'kuchivala, chitsekerero chili momwemo.

Tikanapulumuka. Koma ndakuuzani kale za anthu ofatsa.

"Ababa," anatero msuweni wanga, "chobiriwira chija ndipatseni. Ndikufuna ndichisunge, chizindikumbutsa."

Thukuta linatsika kuchokera pansi pa chipewa n'kudutsa pa tsaya la malume. Akanatha kunena kuti zatha, tiyeni timwe tiyi. Akanatha kumukalipira. Mnyamatayo akanamvera, Lolemba akanapita kusukulu ali wokondwa, akukhulupirira kuti kumwamba kwamuitana ndi dzina. Ndinawapempha ndi maso. Ndikanakhala ndi mchira ndikanaugwedeza.

Malume anavula chipewa. Chitsekerero chinatsetsereka padazi pawo, n'kugwera m'dzenje la bawo, n'kuzungulira, n'kugona chofiira chili pamwamba.

"Iwe," anatero kwa ine. "Nyamula phazi."

Ndinanyamula lamanzere.

"Linalo."

Chobiriwira chinali chitakanirira kuphazi, ndipo nditachimatula chinasiya chidindo cha mano ake.

Msuweni wanga sanakuwe. Anangoika chofiira chija pansi bwinobwino, n'kutola kachikwama kake. "Mwaona?" anatero. "Ngakhale maere amafunika kubera kuti andisankhe."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chitsekerero. Ndinaona kuti ndamukankhira kutali kuposa kumene anali. Ndipo ine mantha akandigwira, pakamwa panga pamayenda pokha.

"Malume, mwina zinalembedwa kuti ndibere."

"Khala chete! Chinyengo ndi tchimo. Wachita ndiwe, ndi zala zakozo, ndipo uyankha ndiwe!"

"Ehe," anatero aneba chapansipansi. "Mtengo wa mango wayamba kuyankha mlandu."

Ndinaganiza kuti bawo liuluka. Koma malume sanawamve n'komwe. Maso awo anali pa mwana wawo, amene anali atafika kale pa geti la malata.

"Ima pomwepo."

Anaima, osacheuka.

"Ndinalonjeza chinthu chimene sindikanachisunga," anatero malume. Anaimirira, chipewa chili m'manja. "Dzanja lako lili m'chipewamu, ine ndinali nditatsimikiza kale kuti chikatuluka chobiriwira, ndiswa lonjezo pamaso pa achimwenewa, anditche wabodza Bangwe yense. Ku siteji sukanapita."

"Ndiye simukhulupirira zimene mumalalikira?"

"Ndimakhulupirira. Ndidzafa ndikukhulupirira kuti Mulungu amadziwa ake. Koma zimene analembazo ine sindinaziwerenge. Abusa sanaziwerenge. Iwe unaziwerengera kuti? Zimene unakamva kusukulu zija analemba ndi anthu a mayeso, anthu odya nyemba ngati ife, amene malo anawathera. Wandimva? Malo a m'kalasi ndiwo anatha. Iwe watenga mawu amodzi n'kumangira zinthu ziwiri, ngati mmene wamisala uyu anamangira zitenje za amayi aja."

Ndinayamikira mumtima kuti ntchito zanga zalowa mu ulaliki.

"Zobisikazo n'za Mwini wake," anapitiriza, mawu atatsika. "Ife anatipatsa zooneka. Usabe. Usaledzere. Lemekeza amako, amene akulira apowa. Dzuka m'mawa ukagwire chimene chili patsogolo pako. Zinalembedwa sindizidziwa, mwana wanga. Chimene ndikuchidziwa ndi Lolemba."

Msuweni wanga anatembenuka pang'ono. "Nanga ndikakhozanso osasankhidwa?"

"Udzabwera pakhonde pano, tidzakhala pansi, tidzaona china. Pakhomo pano sudikira kusankhidwa. Ndinakusankha usanadziwe kugwira pensulo."

Aneba anatsokomola, n'kuyamba kutolera njere za bawo zimene sizinkafunika kutolera. "Akulu ampingo," anatero, "lero mwalalikira ngati munthu. Mukapitiriza chonchi tidzakusungirani malo ku Misa."

"Nkhabe," anatero malume.

Palibe anaseka kupatula ine, ndipo ndinalipira.

Mnyamatayo analowa m'nyumba ndi kachikwama kake n'kudzitsekera. Madzulo sanadye. Ine ndinapatsidwa chilango chokolopa tchalitchi Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi, komanso kukafotokoza ndekha kwa aphunzitsi a kalasi ya katekisimu chimene chinyengo chili. Anti sanandilankhule, koma pondigawira ndiwo anandiikira mutu wa nsomba, umene nthawi zonse umakhala wa malume.

M'mawa wa Lolemba minibasi ya dalaivala uja inaima kumsewu n'kuliza hutala. Ndinali panja ndikutsuka m'kamwa. Malume anali pakhonde, tayi ili m'khosi, akupukuta nsapato imodzi yomweyo mobwerezabwereza. Hutala inaliranso, motalika. Wina anakuwa kuchokera pawindo la minibasi kuti, "Aise, tikuchedwa!"

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Msuweni wanga anatuluka atavala kabudula wa yunifolomu amene anali atamuchepera, mawondo ali pamtunda ngati zitsa. Kachikwama kaja kanali paphewa, koma m'kati munali makope. Anapita kumsewu, n'kulankhula ndi dalaivala mawu ochepa, minibasi n'kunyamuka ndi utsi wake. Pobwerera anadutsa pafupi nane.

"Amunanga," ndinatero, thovu lili kukamwa, "mwatchena."

"Sindikupita chifukwa cha zitsekerero zanu," anatero osandiyang'ana.

"Ndikudziwa."

"Ndinu wakuba."

"Ndikudziwanso."

Panopa akubwereza, ndipo mayeso sanalembe. Kaya adzasankhidwa kaya ayi, ine sindinawerenge, malume sanawerenge. Bawo likupitirira Lamulungu lililonse, mkangano uli pomwe unali, kungoti mawu aja akuti "zinalembedwa" malume amawanena tsopano magetsi akazima basi.

Aphunzitsi a kalasi anandifunsa ngati ndalapa. Ndinawauza zoona, poti bodza ndi tchimo: ndikumva chisoni kwambiri kuti chitsekerero chija ndinachiika mano atayang'ana kumwamba.